Pusi wa pa Chinsapo ndi madokotala oyendayenda

Mwezi wathawu kwathu ku Chinsapo ndinaona pusi atamangidwa ndi waya m'chiuno kuseri kwa nyumba ina. Wayayo anali atalowa m'thupi, chilonda chikuchucha mafinya. Ana ankamugenda, akuluakulu nkumangoti, "Aaa, si pusi basi ameneyu?" Inenso ndinadutsa masiku atatu osanena kanthu, ndipo ndikuchita nazo manyazi.

Ambiri sitidziwa kuti mu Lilongwe momwe muno muli madokotala a nyama zakutchire oyendayenda, a Wildlife Emergency Response Unit. Bungwe la Lilongwe Wildlife Trust linayambitsa gululi mu 2014 mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire. Njovu ikakodwa mumsampha ku Kasungu kapena ku Vwaza, amaitsatira komweko, kuigonetsa ndi jakisoni woponyedwa ndi mfuti, kudula waya, kutsuka chilonda nkuidzutsanso. Nyama zing'onozing'ono monga apusi ndi ngaka amakazisamalira ku Lilongwe Wildlife Centre.

Koma misamphayo timailimbikitsa ndife am'tauni. Tikagula nyama yakutchire kapena kamwana ka pusi pamsewu, wotchera uja amabwereranso kunkhalango. Lamulo lomwe linakhwimitsidwa mu 2017 limalola khoti kulamula zaka mpaka 30 kundende pa milandu ya njovu ndi ngaka.

Tsiku lachinayi ndinagogoda pakhomopo. "Bambo, kanyamaka kafa mukungoona. Tiyeni tiwaimbire a zanyama." Anakanda m'mutu, kenako anati, "Imbani, achimwene." Madokotalawo galimoto ali nayo, mankhwala ali nawo, koma sangalote komwe kuli chilonda ngati ife takhala chete.