Pikapu yakale: tiisunge kapena tigule yatsopano?

Alimi ambiri akangogulitsa fodya ku okushoni amaganiza zosintha galimoto. Musanatero, khalani pansi muwerengere.

Lembani ndalama zonse zomwe mwapereka kwa makaniko chaka chino, ndi masiku omwe pikapuyo inagona kugalaja katundu akudikira. Kenaka yerekezani ndi ngongole ya yatsopano, chiwongoladzanja chake ndi inshuwalansi.

Injini ikamamwa oilo n'kumatulutsa utsi wabuluu, kawirikawiri amakhala maring'i atha. Zimenezi zimakonzeka, ndipo masipeyala a galimoto zofala ngati Toyota Hilux savuta kupeza. Isungeni.

Koma tchasisi chikadyedwa ndi dzimbiri kapena kung'aluka, igulitseni. Kuwotcherera sikukhalitsa: tsiku lina idzakusiyani panjira ndi matumba a feteleza, mvula ikugwa.