KODI ZONYANSA ZA MU LUSAKA ZIMATHERA KUTI?

Ambiri a ife tiri ndi ana kapena abale m'makomboni a mu Lusaka monga Linda, Kanyama, Chawama ndi Mtendere. Koma ndi ocepa amene anafunsapo kumene zimathera zonyansa za khamu lalikuru cotere. Ku mudzi cimbudzi cikadzala, mwini wace amacikwirira nakumba cina. M'komboni malo okumbapo cina kulibe, pakuti nyumba ziri zothithikana.

Mwa anthu asanu ali onse a mu Lusaka, saposa mmodzi amene nyumba yace iri ndi mpope wocotsa madzi oipa. Madzi a m'mipopeyo amapita ku Manchinchi ndi ku Chunga, kumene kuli zipangizo zowayeretsera, kapena ku maiwe a ku Kaunda Square, Ngwerere, Matero ndi Chelstone. Nchito imeneyi iri m'manja mwa kampani ya madzi ya Lusaka, imene inakhazikitsidwa m'caka ca 1988.

MMENE MAIWE AMAYERETSERA MADZI

Maiwe amenewa ndi okumba, ndipo amatsatana. M'dziwe loyamba, limene liri lakuya, zonyansa zolemera zimadikha pansi ndi kuola. M'dziwe laciwiri mumamera ndere, zimene zimapereka mpweya kwa tizirombo tosaoneka ndi maso todya zonyansa zotsala. M'maiwe otsiriza, amene ali osaya, dzuwa limapha tizirombo ta matenda. Pambuyo pace madziwo amawatayira m'mitsinje: ena mu Ngwerere, umene umathira mu Chongwe, ena mu Chunga, umene madzi ace amakafika ku Kafue. Cotero maiwe akalephera nchito yao, obvutika ndi anthu a ku midzi a kumunsi, omwe amamwa, kucapa ndi kuthirira madimba ndi madzi omwewo.

BVUTO LA M'MAKOMBONI

Ku Linda, kum'mwera kwa mzinda, mabanja ambiri amadalira zimbudzi zokumba, monga momwe ziliri m'makomboni ena. Tsoka lace nlakuti pansi pa Kanyama ndi Chawama pali thanthwe la laimu lokhala ndi ming'alu ndi mapanga, ndipo madzi a pansi ali pafupi. Mvula ikagwa, zimbudzi zimasefukira, zonyansa nkulowa m'ming'alumo mpaka kukafika m'zitsime. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa.

Cotsatira cace ndi kolera. Mliri umene unabuka mu October 2017 unagwira anthu oposa 5,000, ndipo Kanyama inali pakati pa malo okhudzidwa koposa. Wa mu October 2023 unakula kwambiri: m'dziko lonse anadwala oposa 20,000, namwalira oposa 700. Bwalo la masewera la National Heroes linasanduka cipatala, ndipo mu January 2024 Boma linacedwetsa kutsegulira masukulu.

ZIMENE ZACITIKA

M'caka ca 2013 ku Kanyama kunayambika gulu la anthu ophunzitsidwa kukapa zimbudzi. Iwo amabvala magolovesi ndi majombo, natengera zonyansazo m'migolo kunka nazo ku malo kumene zimaola ndi kuumitsidwa, m'malo mozitaya mu ngalande usiku. Pakati pa 2013 ndi 2018, ndi thandizo la dziko la America, maiwe a ku Kaunda Square anakonzedwanso ndipo mipope inaikidwa mu Mtendere. Mu 2015 panayambika nchito yaikuru ya ukhondo wa mzinda wa Lusaka, mothandizidwa ndi World Bank ndi mabanki ena.

Komabe mpope sudzafika pa khomo liri lonse msanga. M'komboni, cimbudzi cikhale comangidwa ndi njerwa ndi simenti mkati mwace kuti cisadonthe ndi kuti cithe kukapidwa. Ku mudzi, kumbani cimbudzi kumunsi kwa citsime, patali mamita osacepera 30, ndipo cikhale ndi cobvundikira. Madzi akumwa awiritseni kapena athireni klorini, makamaka m'nyengo ya dzinja. Mukapita kukaona ana ku tauni, musamwe madzi a m'zitsime zosaya. Ndipo wina akayamba kutsegula m'mimba ngati madzi a mpunga, mpatseni madzi a mcere ndi shuga, nimuthamangire naye ku cipatala tsiku lomwelo.