Fumbi la ku Thazima ndi kachitseko ka galimoto yamagetsi

Galimoto ikaima pachipata cha Thazima mwezi wa Okutobala, simuchita kufunsa kumene yachokera. Galasi lakumbuyo limakhala lili psuu ndi fumbi, nambala yosawerengeka, ndipo dalaivala akatsegula buti dothi limakhuthukira pazikwama za alendo. Apo n'kuti yayenda makilomita pafupifupi 55 kuchokera pa boma la Rumphi kudzera ku Bolero, ndipo kwatsala ena pafupifupi 60 a chikweza kuti ikafike ku Chelinda, m'kati mwa paki ya Nyika, yomwe inakhazikitsidwa mu 1965 ndipo ndi yoyamba m'dziko muno.

Fumbi limeneli ndi lomwe landiganizitsa nkhani imene ena angati ndi ya kutali ndi ife: pagalimoto yoyendera magetsi, polowetsera nthambo yotchajira paziikidwa pati?

Opanga magalimoto mpaka lero sanamvane chimodzi. Nissan Leaf yoyamba, yomwe inatuluka mu 2010, ili ndi kachitseko ka potchajira pamphuno penipeni, pakati pa nyali ziwiri. Tesla anakaika kumbuyo chakumanzere, pafupi ndi nyali ya mabuleki. Pa Hyundai Ioniq 5 kali kumbuyo chakumanja, pomwe Porsche Taycan ili nato mbali zonse ziwiri. Ku America kusiyanaku kunavutitsa anthu mu 2024, Tesla atalola eni magalimoto a Ford kutchaja pamalo ake. Nthambo zake zinali zazifupi, zoyezedwa pa Tesla basi, moti ya Ford inkatseka malo a magalimoto awiri kuti nthamboyo ifike.

Komatu madandaulo amenewo ndi a anthu oimika galimoto paphula, pakati pa mizere yopakidwa penti. Msewu wa ku Thazima uli ndi mafunso ake.

Tiyambe ndi pamphuno, poti magalimoto ambiri ogwiritsidwa kale ntchito amene timagula amachokera ku Japan, kudzera padoko la Dar es Salaam ndi malire a Songwe, ndipo Leaf ndi ya ku Japan komweko. Nthawi ya dzinja, kutsogolo n'kumene kumalandira chilichonse: thope lothovukira kuchokera kulole imene ili patsogolo, timiyala, madzi a m'zithaphwi. Mbuzi kapena ng'ombe ikadumphira mumsewu imagundanso pomwepo. Pagalimoto ya petulo, bampala ikaphwanyika mumaimanga ndi waya n'kupitiriza ulendo. Pagalimoto yamagetsi, kachitseko kakapindika n'kukana kutseguka, ndiye kuti batire ikatha mwagona pomwepo. Ndipo zitsulo zotchinga kutsogolo, zimene eni magalimoto oyenda kutchire amakonda kuwotcherera, zingatsekereze kachitsekoko ngati wowotcherera sanaganize bwino.

Kumbuyo nako si kwabwino. Mphepo imene galimoto imasiya ikamathamanga imazunguza fumbi n'kulimata kumbuyoko, n'chifukwa chake galasi lija limafiira kuposa ena onse. Fumbi likalowa m'timabowo ta soketi, kenako n'kukumana ndi chinyezi, timano ta pulagi sitigwirana bwino, ndipo magetsi ambiri akamadutsa pamalo osagwirana bwino pamatentha. Onjezerani kuti kumbuyo n'kumene amatola amapachika njinga ndi matumba a chimanga, n'kumenenso amakoloweka ngolo.

Ine ndaima pa ichi: galimoto yoti iziyenda misewu ngati uwu ikhale ndi potchajira m'mbali, m'mwamba ndithu, kuseri kwa tayala lakutsogolo, ndipo mbali yake ikhale yakumanzere. Kuno timayenda kumanzere kwa msewu. Galimoto ikaima pa sitolo ku Bolero kapena ku Hewe, mbali yakumanzere ndiyo imayang'ana kukhonde kumene kuli soketi. Nthambo siyigona mumsewu, ndipo wolumikizayo saima kumene kukudutsa malole a fodya ndi njinga zamoto za kabaza.

Palinso chisanu. Chelinda ili pamtunda wopitirira mamita 2,000, ndipo mu Juni ndi Julaye mame amatha kuundana paudzu m'mawa. Tizitseko tina timatseguka ndi kamota ukadina batani. N'tokongola m'tauni, koma pamene pali fumbi ndi madzi oundana, ndingasankhe kotsegula ndi dzanja, kokhala ndi labala yothina bwino ndi chivindikiro china m'kati.

Wina anganene kuti tikukambirana za mchira nyama tisanaigwire. Koma aliyense amene anagonapo pamzere wa mafuta kuyambira mu 2022 akudziwa chimene chikukankhira anthu kumagetsi. Ethiopia inaletsa mu 2024 kuitanitsa magalimoto a anthu wamba oyendera petulo ndi dizilo. Ku Botswana, Chobe Game Lodge inayamba mu 2014 kuonetsa alendo nyama pamagalimoto amagetsi, omwe sachita phokoso lothamangitsa nyama. Mbidzi ndi ntchefu za ku Nyika nazo zingamaonedwe chapafupi chotero. Msewu wotsika kuchokera ku Chelinda ulinso ndi phindu lake: galimoto yamagetsi ikamatsetsereka, mota imabwezera mphamvu m'batire, bola isanyamuke itadzaza thothotho.

Poti mafakitale ali kutali ndipo sadzatifunsa, mbali imene ili m'manja mwathu ndi kamangidwe ka malo otchajira. Mu 2023 boma linasainirana mgwirizano wa zaka 20 ndi bungwe la Peace Parks Foundation woyendetsera limodzi Nyika ndi malo osungira nyama a Vwaza. Tsiku limene adzaganize zoika makina otchajira pa Thazima, adzakumbukire kuti kudzafika magalimoto a mapulagi osiyana: CHAdeMO ya ku Japan, CCS2 ya ku South Africa ndi ku Ulaya, GB/T ya ku China. Makinawo aime pakati ngati pampu ya pafilingi siteshoni, kuti galimoto izitha kufika mbali iliyonse popanda kubwerera chakumbuyo ndi ngolo. Nthambo ikhale yaitali yofika pamphuno ndi kumchira komwe, pansi pakhale simenti yokwera kuposa thope, pamwamba denga lamalata, ndipo pakhoma pazikhala kaburashi kouma kochotsera fumbi musoketi munthu asanalowetse pulagi.