Foni yolembedwa "8GB RAM" koma ikufirizabe: vuto lili pati?

Mwina zinakuchitikiranipo. Muli pa Lirangwe, mukufuna kutumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, mwatuluka pang'ono kuti mukakopere nambala pa WhatsApp, pobwerera app ija yayambiranso poyamba. Ambiri timathamangira kunyoza netiweki. Koma nthawi zambiri vuto limakhala RAM.

RAM ndi malo amene foni imaikapo zomwe ikugwiritsa ntchito pakadali pano. Storage ndi kumene kumakhala zithunzi, nyimbo ndi mavidiyo. Taganizirani mayi wogulitsa tomato pamsika: RAM ndi benchi yake, storage ndi madengu amene wasungitsa kuseri. Zapabenchi amapereka pompopompo, zakuseri mpaka anyamuke.

Benchi ikadzaza, foni kapena kompyuta imachotsapo zomwe zangokhala n'kuziika pambali. Malo apambaliwo ndi amene amatchedwa swap. Pa Windows ndi fayilo yotchedwa pagefile.sys. Android imagwiritsa ntchito kwambiri zRAM, pomwe imapanikiza zinthu kuti zichepe n'kuzisunga mu RAM momwemo. Zikakanika, imangotseka app yomwe simukuigwiritsa ntchito. Ndi zomwe zinachitikira app ya ndalama ija.

Tsopano apa ndi pomwe tikupusitsikira pogula. Mafoni ambiri masiku ano amalemba "4GB+4GB". Tecno imati Memory Fusion, Samsung imati RAM Plus. 4GB yachiwiriyo si RAM yeniyeni, ndi swap. Imathandiza kuti ma app asamatsekedwe msanga, koma liwiro lake silifika pa RAM. Foni ikamangosamutsa zinthu uku ndi uku, nthawi imathera pamenepo, inu mukungoyang'ana sikirini youma.

Vuto lachiwiri ndi fragmentation, kumwazikana kwa malo. RAM imagawidwa tizigawo ting'onoting'ono, kawirikawiri ta 4KB, ndiye foni ya 2GB imakhala ndi tizigawo toposa 500,000. Mukamatsegula ndi kutseka ma app masiku ambiri, malo opanda kanthu amatsala apa kamodzi, apo kamodzi. Zili ngati minibasi yochoka ku Chileka kupita m'tauni: mipando inayi ilipo, koma umodzi kutsogolo, wina pakati, iwiri kumbuyo. Mayi wa ana atatu akufuna kukhala nawo pamodzi, ndiye kondakitala ayambe wasuntha anthu, minibasi itaima. Mbali zina za foni, monga kamera, zimafuna malo ogundizana choncho, ndipo foni imayamba yasuntha zinthu kuti iwapeze. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe kamera imachedwera kutseguka pa foni yomwe yatha masabata osazimitsidwa.

Ndiye titani, amwene?

Pogula, funsani RAM yeniyeni, osati yophatikiza. Lowani mu Settings muone nokha musanapereke ndalama. Foni ya 6GB yeniyeni imaposa ya "4+4" ngakhale nambala pa bokosi ikuoneka yochepa.

Zimitsani foni n'kuyatsanso kamodzi pa sabata. RAM imayambira poyera, kumwazikana kuja kumatha.

Ngati foni yanu ndi ya 2GB, gwiritsani ntchito Facebook Lite ndi ma app ena opepuka. Google inatulutsa Android Go mu 2017 chifukwa cha mafoni a RAM yochepa omwewa.

Chotsani ma app a "booster" ndi "cleaner". Amatseka ma app omwe amadzitsegulanso okha, batire n'kumatha, iwonso akudya RAM yomweyo.

Musadzazitse storage ndi mavidiyo a m'magulu a WhatsApp. Ikatsala pang'ono kudzaza, nayo imayamba kuchedwa.

Kwa amene muli ndi laputopu yakale ya 4GB yokhala ndi hard disk, ikamalira kwinaku ikufiriza, kawirikawiri ndi swap imeneyo. Musanaitaye, funsani mtengo woonjezera RAM kapena kuikamo SSD. Nthawi zambiri zimatchipa kuposa kugula ina.