Lero ayenda bwino, mawa mwendo wakana

TETE — Wodwala esclerose múltipla akhoza kupita kumsika Lolemba ali bwinobwino, Lachiwiri n'kulephera kudzuka pamphasa. Achibale ena amati ndi ulesi, ena amathamangira kwa sing'anga poganiza kuti walodzedwa. Komatu vuto lili m'mitsempha.

Pa matendawa, chitetezo cha m'thupi chimaukira chikuto cha mitsempha ya mu ubongo ndi mumsana, chotchedwa mielina. Chikutocho chikawonongeka, mauthenga a ubongo amachedwa panjira kapena safika n'komwe. Apo diso limachita chifunga, mwendo umachita dzanzi, mkodzo umavuta kusunga, thupi limatopa popanda ntchito. Dotolo wa ku Paris, Jean-Martin Charcot, ndiye adawalongosola mu 1868. Kawirikawiri amayamba pakati pa zaka 20 ndi 40, ndipo amagwira akazi ambiri kuposa amuna. Kuno ku Africa sapezeka kwambiri ngati ku Ulaya, n'chifukwa chake ambiri sawadziwa.

Mdani wamkulu wa odwalawa ndi kutentha. Mu 1890 dotolo wa maso wa ku Alemanha, Wilhelm Uhthoff, adaona kuti ena amasiya kuona bwino akagwira ntchito yolemetsa. Pambuyo pake kudadziwika kuti chimachititsa ndi kutentha kwa thupi. Mumzinda wa Tete, momwe dzuwa la Outubro ndi Novembro limadutsa madigiri 40, nkhaniyi si yamasewera. Wodwala ayenera kugwira ntchito mbandakucha, masana akhale pamthunzi, amwe madzi, adzifunditse kapulana wonyowa. Thupi likazizira, zizindikirozo zimabwerera m'mbuyo.

Malungo ndi matenda a m'chikhodzodzo nawonso amadzutsa zizindikiro zakale, choncho thupi likatentha ndi bwino kukayezetsa msanga. Koma chizindikiro chatsopano chikapitirira maola 24 popanda malungo, matenda enieniwo akhoza kukhala kuti abuka, ndipo wodwala apite kuchipatala. Mankhwala a corticoide amafupikitsa masiku a kudwalako.

Mankhwala ochiziratu palibe, koma kuyambira mu 1993, pomwe interferon beta adaloledwa ku America, alipo ochepetsa kubuka kwa matendawa. Kulemba m'kope tsiku, chizindikiro ndi momwe kunja kudachera kumathandiza dotolo kusiyanitsa zonsezi. Kopelo limathandizanso pakhomo: achibale akaliwerenga amaona okha kuti amene adalima dzulo n'kugona lero sakunamizira.