Malasha a pansi pa thumba

Mayi wa ku komboni ya Chazanga sagula thumba la malasha pongoona pamwamba. Wogulitsa akaimika njinga, pamutu pa thumba pamakhala zibuluma zikuluzikulu, zakuda bii. Mayiyo amapisa dzanja m'mbali, kuligwedeza, kutchera khutu ngati pansi pakuyenda fumbi. Amatola khala limodzi n'kuligogoda: likalira ngati chitsulo, ndi la mtengo wolimba, likafumbutuka m'manja, mbaula idzazima nyemba zisanapse. Mu 2024, madzi atachepa ku damu la Kariba magetsi n'kumathima pafupifupi tsiku lonse, ngakhale eni masitovu anaphunzira luso limeneli.

Kafukufuku amene mphunzitsi amachita m'kalasi mwake amafunika dzanja lomwelo. Si wa a ku yunivesite ya UNZA obwera pagalimoto ndi mapepala a mafunso ayi. Uyu ndi wa munthu wa choko, amene waona kuti ana ake a Giledi 3 akukanika kuchotsera kobwereka, n'kuyesa njira ina, n'kulemba zimene zachitika. Ku Zambia ntchitoyi ili ndi malo ake. Lesson Study, yochokera ku Japan, inayamba ku Central Province mu 2005 mothandizidwa ndi bungwe la JICA, kenako n'kufalikira m'dziko lonse. Aphunzitsi amasankha phunziro lovuta, kulikonza pamodzi, mmodzi n'kuphunzitsa anzake akuonerera. Akakambirana amalikonzanso n'kukaliyesa m'kalasi ina. Pamapeto pamatuluka lipoti, ndipo malipotiwo sikuti onse ndi malasha enieni.

Tiyerekeze kuti lipoti likuti: tinagwiritsa ntchito zitsekerero za mabotolo, ana anamvetsa. Funso ndi lakuti, ana ati? Chiyambireni maphunziro aulere mu 2022, makalasi a m'makomboni adzaza mpaka pakhomo, ngakhale boma linalemba aphunzitsi oposa 30,000 chaka chomwecho. M'kalasi yotere, okhala kutsogolo, okweza manja aja, ndiwo malasha a pamutu pa thumba. Lipoti labwino limakufikitsa kukhoma la kumbuyo, kwa mtsikana amene sanatsegule pakamwa chiyambireni temu, n'kukuonetsa kope lake lisanayambe phunzirolo ndi litatha. Limanenanso amene sanabwere tsiku la mayeso. M'makomboni muno mabanja amasamuka lendi ikakwera, mvula ikagwa njira zimasanduka mitsinje, ndipo ojomba kawirikawiri ndi omwe aja ovutika. Akasowa iwowo malikisi amakwera okha, ngati thumba losefedwa kale fumbi.

Apa ndi pamene ine ndimakhala nthawi yaitali. Lipoti lopanda cholakwika chilichonse limandikayikitsa. Ndani anaphunzitsapo ana odzaza chipinda, zitsekerero osagwa pansi, anyamata osayamba kusewera nazo nsolo, nthawi osatha phunziro lili pakati? Wolemba kuti "ulendo woyamba zinakanika, chifukwa chake n'chakuti, ndiye tinasintha apa" wakutsegulira thumba mpaka pansi. Ameneyo ndimamukhulupirira ngakhale Chingelezi chake chitakhala chotsimphina. Wina amadzaza masamba ndi mayina a Kurt Lewin, amene anatchukitsa kafukufuku wotere m'ma 1940, ndi Lawrence Stenhouse wa ku Britain, amene mu 1975 analimbikitsa kuti mphunzitsi akhale wofufuza. Anthuwa ndi ofunika, koma kutchula dzina la nkhalango sikupsetsa nyemba.

Palinso nkhani ya mphepo. Mbaula ikaikidwa pampita mphepo, ngakhale malasha achabechabe amayaka bwino. Tsiku loonerera, a hedi akhala kumbuyo, aphunzitsi anayi aima m'mbali, mwana aliyense amakhala tcheru. Tsono chathandiza ndi zitsekerero kapena maso a alendowo? Mwina mayeso achiwiri anali ofewa, popeza wofunsa ndi wochonga ndi yemweyo amene akufuna kuti njira yake ipambane. Wogulitsa sadziyezera yekha: mnzake achonge makope ena, mafunso akhale olemera mofanana, ndipo patapita milungu itatu anawo afunsidwenso popanda mlendo. Moto wa mapepala nawo umalilima.

Akatswiri ena amati kafukufuku wa kalasi imodzi sanganene za dziko lonse. N'zoona, koma sanalonjeze zimenezo. Mayi wogula malasha safuna kudziwa za mitengo yonse ya m'Zambia. Akufuna thumba ili liphike pa mbaula yake. Chofunika n'chakuti wolembayo anene poyera mphika umene anaphikira: ana angati, mabuku angati, amaphunzira m'mawa kapena masana, kunyumba amalankhula Chinyanja cha m'tauni, Chibemba kapena Chitonga. Akatero, mphunzitsi wa ku Kabanana kapena ku Mandevu angadziwe ngati zikumukhudza. Ndipo mayina a ana asalembedwemo. Mwana wolephera masamu sanavomere kuti zoni yonse ya masukulu imudziwe.

Mphunzitsi mnzake wa kalasi ya masana akawerenga lipotilo n'kunena kuti, "Aphunzitsi, mundibwerekeko zitsekerero zija Lolemba," nyemba zakhala pamoto wachiwiri. Lachisanu mukamufunse ngati zinapsa.