Khamu Lilibe Maso

Pa 6 July 2017, tsiku lokumbukira kuti dziko la Malawi lakwanitsa zaka 53 lili pa ufulu wodzilamulira, chinamtindi cha anthu chinalawirira ku Bingu National Stadium mumzinda wa Lilongwe. Kulowa kunali kwaulere, ndipo masana ake kunali mpira wa Nyasa Big Bullets ndi Silver Strikers. Koma zipata zinachedwa kutsekulidwa. Dzuwa linakwera, anthu nachulukirachulukira, ndipo mpata utapezeka onse anakhamukira pomwepo. Anthu 8 anataya moyo, 7 mwa iwo ana.

Ambiri amati khamu likapha, ndiye kuti anthu ake ngopanda mwambo. Kuteroko n'kulakwa. Munthu amene ali kumbuyo saona zochitika pachipata. Iye akaona kuti amnzake asuntha pang'ono amayesa njira yatseguka, nasendera. Kusendera kwa anthu mazanamazana pofika kutsogolo kumakhala ngati chipupa chakugwera. Wopanikizidwayo amalephera kufutukula chifuwa kuti apume, ndipo angathe kutsirizika ali chiimire, osapondedwa n'komwe. Nanji mwana! Pokhala wamfupi, nkhope yake imakwiririka m'misana ya akuluakulu, kotero kuti ngakhale akuwe motani, womumva palibe.